Kuphunzitsa kompyuta kuwerenga masilaidi a malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba

Funso ili landipeza kambirimbiri: "Maikulosikopu tili nayo, foni ya kamera yabwino tili nayo, ndipo tamva kuti AI imatha kuona tizilombo m'magazi. Tiyambire pati?" Ofunsa ali mitundu iwiri. Ena ndi a m'labu, amene pofika madzulo maso amakhala atalema ndi kusuzumira. Ena ndi a makompyuta, amene atenga zithunzi pa intaneti, aphunzitsa pulogalamu usiku umodzi, yakhoza 97 pa 100, ndipo akufuna kudziwa chipatala chimene angakaisiye mawa lomwe. Onsewa ndimawayankha zofanana, choncho ndalemba pano kuti wotsatira ndizingomulozera.

Chimene ambiri safuna kumva n'chakuti kuphunzitsa pulogalamu ndiyo ntchito yaing'ono pa zonse. Thukuta lili pa silaidi, pa anthu amene adzauze kompyuta chimene chili choona, ndi pa sitepe 7, pamene timadontho tokayikitsa timasanduka yankho la wodwala mmodzi. Ngati nthawi yanu ndi yochepa, yambani mwawerenga imeneyo.

Mawu anayi tigwirizane kaye. Silaidi ndi kagalasi kopakapo magazi, chimbudzi, kapena zotsalira posefa mkodzo. Field ndi bwalo lowala lija mumaona mukasuzumira kamodzi musanasunthe galasi. Sensitivity ndi kuchuluka kwa odwala enieni amene njira yanu yawagwira; amene yawasiya ndizinena kuti yawaphonya. Specificity ndi kuchuluka kwa anthu opanda matenda amene yawamasula. Amene yawapeza ndi matenda oti alibe ndizinena kuti yawanamizira.

1. Sankhani kachilombo kamodzi ndi funso limodzi

Kukula kokha kwa tizilombo kumasiyanitsa ntchito. Dzira la Schistosoma haematobium, kachilombo ka likodzo la m'chikhodzodzo, limapitirira mamaikulomita 100 m'litali (maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) ndipo lili ndi kaminga kunsonga. La Schistosoma mansoni, la likodzo la m'matumbo, kaminga kake kali cham'mbali. Mazira ambiri a njoka za m'mimba za Ascaris, Trichuris ndi hookworm ali pakati pa mamaikulomita 45 ndi 75. Onsewa amaoneka ndi lenzi ya 10x. Kachilombo ka malungo kadakali kakang'ono ndi kamphete ka maikulomita 1 kapena 2 m'kati mwa selo lofiira la 7 kapena 8, ndipo kamafuna lenzi ya 100x yodonthezera mafuta. Ngati n'koyamba, yambani ndi mazira a likodzo a m'mkodzo wosefa. Ndi aakulu, ndipo sabisala m'zinyalala zochuluka ngati za m'chimbudzi.

Mukasankha, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi. "Alipo kodi?", "ndi mtundu uti?" ndi "alipo angati?" ndi mafunso atatu osiyana, ndipo pulogalamu yokhoza loyamba ikhoza kulephereratu awiri enawo. Mtundu ndi wofunika pa malungo chifukwa Plasmodium vivax ndi ovale amabisala m'chiwindi ndipo amafuna mankhwala owonjezera monga primaquine, pamene falciparum ndi amene amapha anthu ambiri. Kuchuluka n'kofunika pa likodzo ndi njoka chifukwa bungwe la WHO limagawa matendawa potengera mazira: mazira 400 pa galamu ya chimbudzi ndi likodzo la mansoni lalikulu, mazira 50 pa mamililita 10 a mkodzo ndi haematobium wamkulu, ndipo Ascaris amafika pamenepo pa mazira 50,000.

Dzifunseninso ngati maikulosikopu ikufunikadi. Pa funso la "alipo kodi" la malungo, RDT, kachipangizo koyezera mwachangu ndi dontho la magazi, imayankha mu mphindi 15 kapena 20 popanda magetsi. Kumene imaperewera n'kwakuti siwerenga kuchuluka, ndipo mitundu ina ya falciparum inataya jini ya hrp2 imene ma RDT ambiri amadalira. Izi zinalengezedwa koyamba ku Peru mu 2010, ndipo Eritrea inasintha ma RDT ake mu 2016 pa chifukwa chomwechi. Pamenepo ndiye pali malo a ntchito yanu.

Chitsanzo cha funso lodulidwa bwino ndi LoaScope, kachipangizo ka foni kochokera ku labu ya Daniel Fletcher ku University of California, Berkeley. Ivermectin, mankhwala a nyongolotsi ogawidwa kwa anthu ambiri, amatha kuvulaza ubongo wa munthu amene ali ndi tinyongolotsi ta Loa loa tochuluka kwambiri m'magazi. Kachipangizoka sikanayese kudziwa zambiri: kanajambula kanema wa dontho la magazi n'kuwerenga kugwedezeka kwa maselo pamene tinyongolotsi tikudutsa. Mu 2015 ku Okola, ku Cameroon, anthu oposa 16,000 anayezedwa motero, ndipo amene anali ndi tinyongolotsi topitirira 20,000 pa mililita ya magazi sanapatsidwe mankhwalawo. Funso limodzi, malire amodzi.

2. Pezani chilolezo musanajambule chithunzi ngakhale chimodzi

Pitani ku komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, ndipo eni magazi avomereze kuti zithunzi zawo zidzaphunzitsa kompyuta. Silaidi iliyonse ikhale ndi nambala, osati dzina. Pali mipata iwiri imene dzina limatulukira osadziwa: mbali yoyera ya galasi imene a labu amalembapo ndi pensulo, ndi uthenga wobisika m'chithunzi cha foni umene umasunga malo ndi nthawi. Zimitsani GPS ya kamera.

3. Konzani silaidi ngati kuti adzawerenge ndi munthu wopanda chifundo

Katswiri wa m'labu akapeza silaidi yodayidwa moipa amadandaula koma amawerengabe, chifukwa ubongo wake umakonza zolakwikazo. Kompyuta siikonza kanthu.

Pa malungo, utoto ndi womwe uja wa Gustav Giemsa wa 1904. Paka magazi okhuthala, amene a labu amati thick film, kuti mupeze ndi kuwerenga tizilombo; pakani opyapyala, thin film, kuti mudziwe mtundu. Opyapyala okha ndi amene amaviikidwa mu methanol. Methanol akakhudza okhuthala, ngakhale nthunzi yake yokha, maselo ofiira sasungunuka ndipo simuona kanthu. Giemsa wa 10 pa 100 amafuna mphindi 10 mpaka 15, wa 3 pa 100 mphindi 45 mpaka 60, ndipo madzi osungunulira akhale pa pH 7.2. Madzi akawawasa, silaidi imafiira. Akapitirira mbali inayo, imachita buluu wodera. Sungunulani utoto watsopano tsiku lililonse ndipo musagwedeze botolo lalikulu, chifukwa nsenga zake zikakwera zimakhala pagalasi ngati timadontho takuda tofanana ndi mutu wa kachilombo.

Umboni woti izi si mwambo chabe ulipo. EasyScan GO, makina owerenga masilaidi a malungo a kampani ya Motic opangidwa mothandizana ndi Global Good, anayesedwa m'mayiko 11 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022. Sensitivity inali pafupifupi 91 pa 100, koma specificity inali pafupifupi 76. Atawerengera masilaidi okonzedwa bwino okha, specificity inakwera kufika cha m'ma 85. Makina anali omwewo, chinasintha ndi galasi.

Pa chimbudzi, njira ndi ya Kato-Katz: kachikombole ka mamiligalamu 41.7, pepala la cellophane loviikidwa mu glycerol ndi malachite green, ndipo mazira amene mwawerenga mumachulukitsa ndi 24 kuti mupeze a pa galamu. Msampha uli pa hookworm. Glycerol amayeretsa mazira ake mpaka kusaonekanso pakangotha mphindi 30 mpaka 60. Mukakonza masilaidi 20 nthawi imodzi pamene makina anu amatenga mphindi 10 pa imodzi, otsiriza adzafika mazira atazimiririka, ndipo mudzaphunzitsa pulogalamu kuti anthu amenewo alibe kanthu. Konzani ochepa ochepa molingana ndi liwiro la chojambulira, ndipo lembani nthawi yokonzera ndi yojambulira. Mkodzo wa likodzo utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri.

4. Jambulani mwa dongosolo, osati mwa chikondi

Njira zilipo zitatu. Yotsika mtengo ndi foni yomangirira pa choonera cha maikulosikopu. Gulu la John Quinn ku Makerere University linaonetsa mu 2016 kuti chogwirira chopangidwa ndi printa ya 3D chimakwana pa malungo, TB ndi mazira a hookworm. Yachiwiri ndi maikulosikopu yoyenda yokha ndi timota, monga OpenFlexure imene mapulani ake ndi aulere, kapena Schistoscope ya ku Delft University of Technology. Yachitatu ndi makina ojambula silaidi yonse. Ndi foni, munthu amasunthabe galasi ndi kukonza focus yekha, choncho kutopa kwa dzanja simunakuchotse, mwangochepetsa kwa maso.

Kulakwitsa kumene ndimakuona kwambiri n'uku: wojambula amayendayenda pagalasi mpaka atapeza field yokongola yodzaza tizilombo, n'kujambula. Akatero masiku angapo amakhala ndi zithunzi zabwino zikwizikwi zimene sizifanana ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Yambirani pangodya, yendani mzere ndi mzere, jambulani field iliyonse imene yabwera, yoipa ndi yopanda kanthu yomwe.

Tsekani zonse zimene foni imasintha yokha: kuwala, mtundu, ndi zokometsera chithunzi. Musatumizirane zithunzi pa WhatsApp mwa njira yamasiku onse, chifukwa imazipanikiza ndipo kadontho ka mapikiseli ochepa kamasungunuka. Jambulaninso stage micrometer, kagalasi ka timizere toyezera, pa lenzi iliyonse kuti mudziwe kuti pikiseli imodzi ndi mamaikulomita angati. Pa 100x, chimene chili mu focus n'chopyapyala kuposa maikulomita imodzi, ndipo Kato-Katz ndi wokhuthala moti mazira amakhala pa misinkhu yosiyana. Ngati makina akulola, jambulani field imodzi pa misinkhu itatu kapena isanu.

5. Pezani anthu onena zoona

Pulogalamu imaphunzira kwa munthu amene anazungulira kachilombo ndi kabokosi pa chithunzi. Iye akalakwa, nayonso imalakwa molimba mtima.

Silaidi iliyonse iwerengedwe ndi anthu awiri osaonetsana mayankho, ndipo akasiyana aweruze wachitatu. Pa malungo, funani amene anakhoza mayeso a WHO a owerenga masilaidi. Wa gawo loyamba amayenera kukhoza 90 pa 100 pa kupeza tizilombo, 90 pa mtundu, ndipo theka la mawerengedwe ake lisasiyane ndi lenileni kupitirira 25 pa 100. Onani nambala yotsirizayo: ngakhale kwa akatswiri, kuwerenga n'kovuta. Sungani kuchuluka kwa nthawi zimene anthu anu awiri anasiyana, chifukwa pulogalamu yanu singayesedwe molondola kuposa pamenepo.

Pa zithunzi, CVAT ndi QuPath ndi zida zaulere zokwanira. Lamulo likhale loti chinthu chilichonse chooneka pa chithunzi chizunguliridwe. Kachilombo kamodzi kosiyidwa kamauza kompyuta kuti chimenechi si kachilombo.

Ndipo musazungulire tizilombo tokha. Pangani gulu la zonamiza. Kamphete ka falciparum kenikeni kali ndi zinthu ziwiri: kadontho kofiira moderako, ndi kamzere kabuluu kotuwa kopindika kuchoka pa kadonthoko, pakati pali mbee. Tsopano platelet, kaselo kothandiza magazi kuundana, ikagona pamwamba pa selo lofiira imaoneka yofiirira, yam'mbali mosalongosoka, yozunguliridwa ndi kuwala pang'ono, ndipo buluu uja palibe. Nsenga ya utoto ndi yakuda kwambiri, yakuthwa m'mbali, ndipo mukatembenuza focus pang'ono imaoneka kuti ili pamwamba pa selo osati m'kati. Palinso timadontho ta Howell-Jolly (totsalira ta phata la selo m'maselo ofiira), mabakiteriya omera m'madzi osungunulira, ndipo m'chimbudzi muli mungu wa maluwa, maselo a zomera ndi thovu la mpweya pansi pa cellophane. Onjezani gulu lina la "sitikudziwa", kuti owerenga asakakamizike kulosera.

Masilaidi a anthu opanda matenda ndi chuma, ndipo mufunika ambiri. Ngati mungathe, atsimikizeni ndi PCR, njira yofufuza DNA ya kachilombo. Samalani mbali inayo: PCR imagwira tizilombo tochepa kwambiri toti pagalasi sitingapezeke, choncho munthu wopezeka ndi PCR yekha asakhale chifukwa chonenera kuti kamera yaphonya.

6. Gawani potengera wodwala, kenako phunzitsani

Zithunzi zigawidwe patatu: zophunzitsira, zokonzera, ndi zoyesera pomaliza. Gawani anthu, osati zithunzi. Zithunzi za silaidi imodzi zimafanana mtundu wa utoto, kuwala, ngakhale fumbi la pa lenzi. Zikapezeka mbali zonse ziwiri, pulogalamu imangoloweza silaidiyo, ndipo 97 uja amachokera pamenepa kawirikawiri. Zoyesera pomaliza muzitsekere, mudzazitsegule kamodzi.

Ambiri amayambira pa zithunzi 27,558 za National Library of Medicine ya ku United States, zochokera kwa odwala falciparum 150 ndi anthu abwinobwino 50 a pa Chittagong Medical College Hospital ku Bangladesh. N'zabwino pophunzira. Koma ndi maselo odulidwa kale limodzi limodzi, a thin film, a chipatala chimodzi, theka odwala theka abwino. Kumbukirani theka ndi theka ameneyu.

Kuphunzitsa kwenikweni sindichedwapo. Tengani pulogalamu yopeza zinthu pa zithunzi, monga YOLO kapena Faster R-CNN, yophunzitsidwa kale pa zithunzi wamba, ipitirizeni pa zanu. Zunguzani zithunzi, sinthani mtundu pang'ono, zina zichititseni chimbuuzi. Kukula kokha musakusinthe kwambiri, popeza n'kumene kumasiyanitsa dzira ndi mungu. Ngati idzagwira pa foni popanda intaneti, ichepetseni ndi TensorFlow Lite, ndipo muyesenso yochepetsedwayo, osati yoyamba ija.

7. Kuchoka pa kadontho kufika pa wodwala

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene ntchito zambiri zimafera.

Pulogalamu yanu imayankha za kadontho: ichi n'kachilombo, ichi ayi. Dokotala safunsa za kadontho. Akufunsa za munthu. Tiyeni tiwerengere.

Mu maikulolita imodzi ya magazi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mililita) muli maselo ofiira pafupifupi 5 miliyoni. Wodwala wa tizilombo 100 pa maikulolita, amene wowerenga wamba amayembekezeka kumugwira, ali ndi selo limodzi lodwala pa 50,000 alionse. Tinene kuti pulogalamu yanu imalakwitsa selo limodzi lokha pa maselo abwino 100, zimene pa pepala zimaoneka zonyaditsa. Ikayang'ana maselo 50,000 ikuwa ka 500, ndipo pa 500 pamenepo choona n'chimodzi. Ikayang'ana magazi a munthu wabwinobwino ikuwanso ka 500. Anthu awiriwa singawasiyanitse. Pa zithunzi za theka ndi theka vutoli silioneka n'komwe.

Pa thick film masamu ake ndi awa. A labu amawerenga tizilombo moyerekeza ndi maselo oyera: amawerenga mpaka maselo oyera 200, kapena 500 ngati tizilombo tachepa, kenako amagawa tizilombo ndi maselo oyerawo n'kuchulukitsa ndi 8,000. Maselo oyera 500 ndiye kuti mwaona magazi okwana 0.0625 ya maikulolita. Wodwala wathu wa 100 uja ali ndi tizilombo pafupifupi 6 m'menemo. Pulogalamu ikamanamizira kamodzi pa maselo oyera 100 alionse, ndiye kuti pali zabodza 5 pambali pa zoona 6.

Chochita ndi ichi, motsatana.

Choyamba, siyani kuyeza pulogalamu ndi kukhoza pa 100. Yezani zinthu ziwiri: pa tizilombo tenitenidi 100 imagwira tingati, ndi zabodza zingati imatulutsa pa maselo oyera 500. Pa mazira, zabodza zingati pa silaidi yathunthu. Werengerani ndi maselo oyera osati ndi mafield, chifukwa field ya kamera nthawi zambiri ndi yaing'ono kuposa ya diso, ndipo lamulo la mafield 100 musananene kuti palibe kanthu linalembedwera diso.

Chachiwiri, dutsitsani masilaidi onse a anthu opanda matenda a m'gulu lokonzera, ndipo lembani zabodza za silaidi iliyonse payokha. Musatenge avereji. Mudzapeza kuti ambiri ali ndi 0, 1 kapena 2, koma ochepa odayidwa moipa ali ndi 20 kapena 30. Ochepawo ndi amene akulamulira ntchito yanu yonse.

Chachitatu, ikani malire. Ngati mukufuna specificity ya 95 pa 100, malire akhale pamwamba pa zabodza za masilaidi 95 mwa 100 amenewo. Tinene kuti nambalayo yatuluka 8. Wodwala adzanenedwa kuti ali ndi malungo pokhapokha timadontho tikapitirira 8 pa maselo oyera 500. Tsopano bwererani: 8 kugawa ndi 500 kuchulukitsa ndi 8,000 ndi 128. Odwala ambiri amene ali pansi pa nambala imeneyi pa maikulolita mudzawaphonya. Amenewo ndiwo malire enieni a chida chanu, ndipo ayenera kulembedwa patsamba loyamba la lipoti lanu, osati 97 uja.

Chachinayi, tsitsani malirewo pothana ndi zabodza. Tengani timadontho tonse timene pulogalamu inakuwira pa masilaidi abwino a m'gulu lophunzitsira, tibwezereni monga zitsanzo za zonamiza, phunzitsaninso, bwerezani. Kenako iphunzitseni kukana silaidi. Galasi lodzaza nsenga, lokhuthala kwambiri kapena lopanda focus lilandire yankho loti "konzaninso". Kukana masilaidi oipa ochepa kumatsitsa malire kuposa kusintha YOLO n'kuika china chatsopano.

Chachisanu, onani magazi okwanira. Palinso vuto la mwayi limene silikhudza nzeru za pulogalamu. Munthu wa tizilombo 50 pa maikulolita, mukaona maselo oyera 200 okha, mukuyembekeza tizilombo 1.25, ndipo pafupifupi maulendo 29 pa 100 simudzakhala kachilombo n'kamodzi komwe m'zithunzi zanu. Mukafika maselo oyera 1,000, mwayi woterowo umatsika kufika 2 pa 1,000. Apa makina oyenda okha amaposa munthu, chifukwa satopa. Koma kuona magazi ambiri kumachulukitsanso zabodza, choncho sikulowa m'malo mwa chachinayi chija.

Pa Kato-Katz nkhani ndi yolimba mwa njira ina. Dzira limodzi ndi lokwanira kunena kuti munthu ali ndi matenda, ndipo limawerengedwa ngati 24 pa galamu. Simungaike malire a 8 popanda kutaya anthu ambiri a matenda ochepa, amene ndiwo ochuluka kumene mankhwala akhala akugawidwa kwa zaka. Njira imene ndimalimbikitsa ndi yoti pulogalamu isapereke chigamulo. Ijambule silaidi yonse, idule tizithunzi ta zonse zimene ikukayikira, itisanje kuyambira chimene ikukhulupirira kwambiri, ndipo munthu adutsemo akuvomereza kapena kukana. Kuona tizithunzi 20 pa sikirini n'kwachangu kuposa kuyenda galasi lonse, ndipo kulakwa kwa kompyuta kumathera pamenepo.

8. Kayeseni kwina

Mukatsegula zoyesera zanu zija n'kukhoza, mwangodziwa kuti chidacho chimagwira pa labu yanu. Pitani nacho ku labu ina, ya utoto wina, maikulosikopu ina ndi manja ena, ndipo muyese odwala motsatana mmene akubwerera, osasankha. Yembekezani kuti nambala zitsika.

Lipoti ligawe odwala potengera kuchuluka kwa tizilombo: osafika 200, 200 mpaka 2,000, ndi opitirira apo. Nambala imodzi yophatikiza imabisa kufooka pa ochepa. Yerekezaninso ndi wowerenga wa tsiku ndi tsiku wa pamalopo, osati ndi katswiri yekha, chifukwa ndi iyeyo amene chidacho chidzamuthandize kapena kumusokoneza.

Ganiziraninso kufala kwa matendawo. Chida cha sensitivity 90 ndi specificity 90 chikayeza anthu 1,000 kumene odwala ndi 5 pa 100, chigwira 45 mwa odwala 50, n'kunamizira 95 mwa abwino 950. Pa anthu 140 ouzidwa kuti ali ndi matenda, oona ndi 45 okha. Choopsa chachikulu sikumwa mankhwala pachabe kokha: mwana wa kutentha thupi akauzidwa kuti ndi malungo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi amene ali nawodi amasiya kufunidwa.

9. Ikani pa ntchito, munthu ali pampando

Ngakhale labu yaikulu ngati ARUP Laboratories ya ku Utah, imene inayamba mu 2019 kugwiritsa ntchito AI ya Techcyte pa masilaidi a chimbudzi odayidwa ndi utoto wa trichrome, inasiya chigamulo m'manja mwa munthu. Pulogalamu imasefa, katswiri amatsimikiza. Chitani chimodzimodzi. Wodwala wa zizindikiro zoopsa asadikire makina, ndipo yankho loti "palibe" likatsutsana ndi mmene wodwala akuonekera, galasi liikidwe pa maikulosikopu wamba.

Pulogalamu imene yankho lake likukhudza chithandizo ndi chipangizo chachipatala pamaso pa malamulo ambiri. Ku European Union imagwera pansi pa lamulo la IVDR 2017/746, ku United States pansi pa bungwe la FDA, ndipo kwina kulikonse funsani bungwe loona za zipangizo zachipatala musanapereke yankho kwa wodwala. Mpaka chilolezocho chitapezeka, iyendetseni pambali: iziwerenga, koma yankho lopita kwa dokotala likhale la munthu.

Sungani bokosi la masilaidi odziwika, ena opanda kanthu, ena a tizilombo tochepa, ena a tambiri. Adutsitseni nthawi iliyonse pakabwera botolo latsopano la Giemsa, babu la maikulosikopu likasinthidwa, pakabwera wopaka magazi watsopano, ndiponso foni ikalandira update, chifukwa imeneyo imatha kusintha mmene kamera imakonzera mitundu popanda kukuuzani. Silaidi iliyonse imene munthu ndi kompyuta asiyana isungidwe ndi nambala yake, iwerengedwe ndi wachitatu, ndipo yankho lake lilembedwe pamodzi ndi nambala ya mtundu wa pulogalamu imene inawerenga tsikulo. Mukaphunzitsanso pulogalamu ndi masilaidi amenewa, malire a pa sitepe 7 awerengedwenso kuyambira pachiyambi.